Murshidabad: Malo Oyenera Kuona mu Likulu Lakale la Bengal ndi Mbiri Yake

Mlendo amene wakwera sitima yapamtunda ku Kolkata n'kuyenda makilomita pafupifupi 200 chakumpoto amafika ku Murshidabad, tauni yomwe ili m'mbali mwa mtsinje wa Bhagirathi m'chigawo cha West Bengal ku India. Akangotsika, oyendetsa ngolo za akavalo ndi a tinjinga tamagetsi totchedwa toto amamutengera kaye ku Hazarduari, chinyumba chachikasu cha nsanamira zazitali chomwe chimaoneka pa zithunzi zambiri za mzindawu. Ambiri amayambira pamenepo, ndipo ena amatherapo. Vuto lake ndi lakuti nyumba imeneyi inamalizidwa mu 1837, patatha zaka 80 mafumu a Murshidabad atalandidwa mphamvu, kotero munthu amene waona iyo yokha amabwerera ndi chithunzi cholakwika. Za masiku amene mzindawu unkalamuliradi Bengal, Bihar ndi Orissa zimapezeka m'malo ena osadzionetsa: mzikiti wogumuka, manda a tsidya lina la mtsinje, chipata chakale chimene anthu anachipatsa dzina lachipongwe, ndi akachisi a njerwa m'midzi yoyandikana. Kuti malowa amveke, ndi bwino kuwatsata malinga ndi nthawi imene anamangidwa.

Chiyambi cha zonse ndi mtsinje. Bhagirathi ndi mphanda ya mtsinje wa Ganges imene imapatuka n'kulowera kumwera, ndipo kumunsi kwake, kumene imatchedwa Hooghly, imadutsa ku Kolkata isanakathire m'nyanja. Aliyense amene anakhala pa mphanda imeneyi ankatha kuona katundu yense wochokera kumtunda kupita ku madoko. Zimenezi anazizindikira Murshid Quli Khan, mkulu wotolera msonkho amene mfumu yaikulu ya ufumu wa Mughal, Aurangzeb, inamutumiza ku Bengal. Atasemphana ndi kalonga amene ankalamulira ali ku Dhaka, iye anasamutsa ofesi ya msonkho cha m'ma 1704 n'kuikhazika pa malo otchedwa Makhsudabad, ndipo posakhalitsa malowo anatenga dzina lake. Mu 1717 anakhala bwanamkubwa wa chigawo chonse, udindo umene mbiri imautcha Nawab. Iye ankatumizabe msonkho ku Delhi chaka chilichonse, koma pa zochitika zenizeni Bengal inali itayamba kudziyendetsa yokha.

Chimene munthuyu anasiya ndi mzikiti wa Katra, womangidwa mu 1723 ndi 1724 chakummawa kwa tauni, ndipo kwa ine amenewa ndiye malo oyenera kuyambira. Ndi wa njerwa, waima pa nsanja yokwera, ndipo bwalo lake lazunguliridwa ndi tizipinda tambirimbiri tosanjikizana mmene munkakhala ophunzira ndi owerenga Korani. Poyamba unali ndi madenga asanu obulungira ndi nsanja zinayi m'ngodya zake, koma chivomezi chachikulu cha mu 1897 chinagwetsa mbali ina ya denga, ndipo lero nsanja ziwiri zokha ndi zimene zaima. Chinthu chokhudza mtima kwambiri chili pansi pa masitepe olowera. Murshid Quli Khan atamwalira mu 1727 anaikidwa pamenepo monga mmene anafunira, kuti aliyense wokwera kukapemphera aziponda pamwamba pa manda ake. Munthu ameneyu ankadziwika ndi nkhanza kwa eni minda olephera kulipira msonkho, ndipo anthu akumaloko amafotokoza mandawo ngati njira yake yopemphera chikhululukiro. Pafupi ndi mzikitiwu pali mzinga wotchedwa Jahan Kosha, wolemera matani oposa 7, umene mmisiri wina dzina lake Janardan Karmakar anausula ku Dhaka mu 1637.

Mphamvu ya Murshidabad, komabe, sinali m'mizinga. Inali mu nsalu ndi m'ndalama. Makilomita ochepa kumwera kuli Cossimbazar, kumene kunali msika waukulu wa silika, ndipo Angerezi, Adatchi, Afalansa ndi Aameniya anali ndi nyumba zawo zamalonda m'derali. Mtsinje utasintha njira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 malonda a kumeneko anafota, koma mlendo akhoza kuonabe manda a Adatchi ku Kalikapur, tchalitchi cha Aameniya cha mu 1758 ku Saidabad, ndi manda a Angerezi kumene kunaikidwa mkazi woyamba wa Warren Hastings, Mngerezi amene pambuyo pake anakhala bwanamkubwa wa Bengal. Pamwamba pa amalonda onsewa panali banja limodzi la chipembedzo cha Jain lochokera ku Rajasthan, limene mtsogoleri wake, Fateh Chand, anapatsidwa ndi mfumu ya ku Delhi mu 1723 dzina laulemu lakuti Jagat Seth, kutanthauza wosunga chuma cha dziko lonse. Banjali linkayang'anira kusula ndalama, linkatumiza msonkho wa Bengal ku Delhi kudzera m'makalata a ngongole, ndipo linkakongoza a Nawab pamodzi ndi makampani a ku Ulaya omwe. Nyumba yake yoyamba ya ku Mahimapur inadyedwa kwambiri ndi mtsinje, ndipo imene alendo amalowamo lero ndi yam'mbuyo, momwe akuonetsamo ndalama zakale, nsalu ndi zipinda zapansi pa nthaka. Ndi nyumba yochepa poyerekeza ndi dzina la eni ake, koma munthu wofuna kumvetsa chimene chinachitika mu 1757 asailambalale, chifukwa chiwembu chimene chinagwetsa ufumuwu chinali ndi ndalama za banja limeneli kumbuyo kwake.

Zaka za Alivardi Khan, amene analanda mpando mu 1740 n'kulamulira kufikira 1756, zinali za nkhondo yosatha. Asilikali okwera pa akavalo a mtundu wa Maratha, amene anthu a ku Bengal ankawatcha Bargi, ankabwera pafupifupi chaka ndi chaka kudzafunkha midzi, ndipo mu 1742 analowa mu Murshidabad momwe n'kulanda chuma m'nyumba ya Jagat Seth. Mantha a nthawi imeneyo anazama kwambiri moti mpaka lero amatchulidwa m'nyimbo yogonekera ana ya Chibengali. Mtendere unabwera mu 1751, Alivardi atavomera kusiya Orissa ndi kumalipira ndalama chaka chilichonse. Malo a m'nthawi imeneyi ndi Motijheel, nyanja yaing'ono yokhota ngati uta imene inatsala pamene mtsinje unasiya njira yake yakale. M'mbali mwake munali nyumba ya Nawazish Muhammad Khan ndi mkazi wake Ghaseti Begum, mwana wamkazi wamkulu wa Alivardi. Nyumbayo kulibenso, kwatsala mzikiti ndi manda, ndipo boma linasandutsa malowo paki ya maluwa ndi zisangalalo za mabanja. Pakiyo ndi yosamalidwa bwino, ngakhale kuti munthu ayenera kuchita khama kuti akumbukire kuti pamalo pomwepa ndi pamene panayambira udani wa m'banja umene unathandiza kugwetsa Bengal.

Alivardi analibe mwana wamwamuna, choncho anasankha mdzukulu wake Siraj ud-Daulah, mnyamata wa zaka zongopitirira 20, kuti alowe m'malo mwake. Ghaseti Begum, yemwe anali mayi ake aakulu a Siraj, sanagwirizane nazo, ndipo chimodzi mwa zinthu zoyamba zimene mnyamatayo anachita atakhala pampando mu Epulo 1756 chinali kulanda chuma cha ku Motijheel ndi kuwatsekera mayiwo. Anakhumudwitsanso Mir Jafar, mkulu wa asilikali, ndiponso banja la Jagat Seth. Nayo kampani ya Angerezi ya East India Company inali kulimbitsa linga lake ku Calcutta (dzina lakale la Kolkata) popanda chilolezo ndi kugwiritsa ntchito molakwika ufulu wake wosalipira msonkho pa malonda, ndipo Siraj anaukira mzindawo n'kuulanda mu Juni 1756. Robert Clive, mkulu wa asilikali a kampaniyo, anabwera ndi asilikali kuchokera ku Madras, anaulanditsa kumayambiriro kwa 1757, kenako anapangana mwachinsinsi ndi adani a Siraj a m'nyumba momwemo kuti Mir Jafar adzapatsidwa mpando.

Nkhondo inamenyedwa pa 23 Juni 1757 ku Palashi, kumene Angerezi analemba kuti Plassey, makilomita pafupifupi 50 kumwera kwa Murshidabad. Clive anali ndi anthu pafupifupi 3,000, ambiri mwa iwo Amwenye, pamene Nawab anali ndi pafupifupi 50,000. Chiwerengero chimenechi chimanamiza, chifukwa magulu akuluakulu amene ankatsogoleredwa ndi Mir Jafar ndi anzake anangoima n'kumaonerera. Masana kunagwa mvula yamphamvu imene inanyowetsa onga wa asilikali a Nawab, pamene Angerezi anali atafunditsa wawo, ndipo Mir Madan, mmodzi mwa akuluakulu ochepa okhulupirika, ataphedwa, Siraj anathawa. Lero ku Palashi kuli chipilala chachikumbutso pakati pa minda, ndipo mbali yaikulu ya bwalo la nkhondo inakokoloka ndi mtsinje. Palibe zambiri zoona kumeneko, ndipo amene ali ndi masiku ochepa sangalakwe kukusiya.

Zotsatira za tsiku limenelo zimaoneka bwino m'manda awiri oyang'anizana ndi mtsinje. Siraj anagwidwa pafupi ndi Rajmahal, anabwezedwa ku Murshidabad, ndipo pa 2 Julaye 1757 anaphedwa molamulidwa ndi Miran, mwana wa Mir Jafar. Anaikidwa ku Khushbagh, kutanthauza munda wachimwemwe, tsidya lakumadzulo, pafupi ndi agogo ake Alivardi. Kuti munthu akafike kumeneko amawoloka pa bwato, ndipo amapeza mpanda wabata, mitengo, kamzikiti ndi manda osakongoletsedwa kwenikweni. Mkazi wake Lutfunnisa, amene anakhala zaka zambiri akusamalira mandawo, nayenso anagona pomwepo. Tsidya lakummawa, ku Jafarganj, kuli manda a banja la Mir Jafar, okwana mazanamazana, ndi chipata cha nyumba yake yakale chimene anthu amachitcha Namak Haram Deori, chipata cha munthu amene anadya mchere wa mbuye wake n'kumupereka. Dzina lakuti Mir Jafar mpaka lero ndi mwano ku Bengal, ndipo munthu akalitchulira mnzake amakhala akumunena kuti ndi wachiwembu. Siraj anasanduka ngwazi m'maso mwa anthu am'mbuyo ngakhale kuti olemba a m'nthawi yake ankamunena kuti anali waukali ndi wopupuluma, ndipo chilungamo chimafuna kuti mlendo asunge mbali zonse ziwiri m'mutu. Komabe n'zoona kuti iye ndiye anali Nawab womaliza amene sanaikidwe pampando ndi alendo.

Clive, amene pambuyo pake anauza anzake ku England kuti Murshidabad unali mzinda waukulu, wodzaza anthu ndi wolemera ngati London, analandira yekha mapaundi 234,000 kuchokera m'nkhokwe za Nawab. Kuyambira pamenepo chuma chinayamba kutsetsereka ndi mtsinje. Kampani inachotsa Mir Jafar mu 1760 n'kuika mkamwini wake Mir Qasim, amene atayesa kudziimira anamenyana nayo n'kugonja, koma asanagonje anapha atsogoleri a banja la Jagat Seth mu 1763. Nkhondo ya ku Buxar ya mu 1764 itatha, mfumu ya ufumu wa Mughal, Shah Alam II, inapereka kwa kampani mu 1765 ufulu wotolera msonkho wa Bengal, Bihar ndi Orissa. Mu 1770 kunagwa njala yoopsa imene malinga ndi kuyerekeza kwa nthawi imeneyo inapha pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse m'madera okhudzidwa, ndipo msonkho unkatoleredwabe. Mu 1772 Warren Hastings anasamutsira nkhokwe ya chuma ku Calcutta, ndipo Murshidabad inatsala ndi mafumu olandira malipiro kuchokera kwa alendo. Nyumba yachifumu ya ku Nashipur, imene alendo ambiri amaiyendera chifukwa cha kachisi wake ndi mabwalo ake, ndi ya banja la Debi Singh, wotolera msonkho wa kampani amene nkhanza zake zinautsa alimi a ku Rangpur mu 1783. Ndi bwino kulowamo ukudziwa kumene ndalama za banjalo zinayambira.

Tsopano munthu akhoza kubwerera ku Hazarduari ndi maso oyenera. Nyumbayi inamangidwa kuyambira 1829 mpaka 1837 m'nthawi ya Nawab Humayun Jah, ndipo amene anaikonza anali Duncan MacLeod, injiniya wa asilikali a kampani. N'chifukwa chake simuoneka kamangidwe ka Mughal kapena ka Bengal: ndi nyumba yachizungu yosanja katatu, ya zipinda 114, ya masitepe otakasuka ndi nsanamira zonga za ku Greece. Dzina lake limatanthauza zitseko 1,000, ndipo zina mwa izo ndi zabodza, zongomatidwa pa khoma, zimene akuti zinkasokoneza munthu wolowa ndi cholinga choipa. Kuyambira 1985 ili m'manja mwa bungwe la boma loona zinthu zakale la Archaeological Survey of India, ndipo mkati mwake muli malupanga, mfuti, zithunzi zopaka za a Nawab ndi akuluakulu a Angerezi, mipando ya minyanga ya njovu yokwezera pa njovu, mabuku olembedwa pamanja, ndi chipinda chachikulu cha misonkhano chokhala ndi nyale yagalasi yolendewera. Imatsekedwa Lachisanu. Ndi yoyenera kuiona mosathamanga, chifukwa imaonetsa bwino kuposa buku lililonse mmene ufumu wotsala dzina lokha unkadzisungira ulemu potengera zokonda za amene anaugonjetsa. Ngakhale dzinalo silinakhalitse, pakuti udindo wa Nawab Nazim, dzina lonse la mpando wa a Nawab a ku Bengal, unathetsedwa mu 1880.

Moyang'anizana nayo pali Nizamat Imambara, nyumba yoyera yaitali mamita oposa 200, imene Asilamu a Shia amasonkhanamo pa mwezi wa Muharram pokumbukira imfa ya Husayn, mdzukulu wa Mneneri Muhammad. A Nawab ambiri anali a Shia. Siraj anali atamanga Imambara ya matabwa pamalowa, koma inapsa ndi moto mu 1842 ndi mu 1846, ndipo imene ilipo anaimanga Nawab Mansur Ali Khan mu 1847. Kawirikawiri imatsegulidwa pa masiku a Muharram okha. Pakati pa nyumba ziwiri zikuluzikuluzi pali kanyumba kakang'ono koyera ka denga lobulungira kotchedwa Madina, kamene kanapulumuka ku moto uja. Alendo ambiri amakadutsa osakayang'ana, koma ndi chimodzi mwa zinthu zochepa kwambiri za m'nthawi ya Siraj zimene zaimabe m'mzindawu.

Kungakhale kulakwa kuganiza kuti Murshidabad ndi nkhani ya mafumu Achisilamu ndi Angerezi okha. Kumpoto pang'ono, tsidya lakumadzulo, kuli mudzi wa Baranagar, kumene Rani Bhabani, mayi wamasiye amene ankayendetsa minda yaikulu ya ku Natore, anamanga akachisi Achihindu m'zaka za m'ma 1750. Odziwika kwambiri ndi Char Bangla, akachisi anayi a mulungu Shiva ozungulira kabwalo kamodzi. Ku Bengal miyala ndi yosowa koma dothi ndi lambiri, choncho amisiri anaumba zithunzi pa timatabwa tadothi, kutiwotcha, n'kutimata kumaso kwa makoma, ndipo pamenepo pali nkhondo za m'nthano zachipembedzo, alenje, oimba ndi anthu wamba pa ntchito zawo. Denga la kachisi aliyense ndi lopindika motsanzira nyumba yaudzu ya mlimi wa ku Bengal. Pa zonse zimene zili m'derali, ntchito yamanja imeneyi ndi imene ndimaiona kuti ndi yochokeradi m'nthaka ya Bengal, ndipo n'zodetsa nkhawa kuti akachisiwa ali pafupi kwambiri ndi gombe la mtsinje umene unameza kale nyumba zambiri. Matauni apafupi a Azimganj ndi Jiaganj ndi kwawo kwa mabanja a amalonda a Jain amene anatsatira Jagat Seth, ndipo akachisi awo ndi nyumba zawo zilipobe, pamodzi ndi munda wa Kathgola, wa banja la Dugar, umene uli ndi kachisi wa Adinath. Ku Jiaganj komweko, kumene kale kunkatchedwa Baluchar, ndi kumene kunayambira nsalu ya silika ya Baluchari yolukidwa ndi zithunzi, ngakhale kuti masiku ano imalukidwa kwambiri ku Bishnupur.

Amene ali ndi tsiku lina lapadera akhoza kupita kumwera. Ku Berhampore, likulu la boma la Murshidabad, kuli bwalo lalikulu la asilikali kumene mu Febuluwale 1857 gulu la asilikali Achimwenye linakana kulandira zipolopolo zimene linkakayikira kuti zinapakidwa mafuta a ng'ombe ndi nkhumba, chimodzi mwa zizindikiro zoyamba za kuukira kwakukulu kwa chaka chimenecho. Chakumwera chakumadzulo kwa tauniyi kuli Karnasubarna, likulu la mfumu Shashanka ya m'zaka za m'ma 600, kumene mlendo wa ku China, Xuanzang, anafika n'kulemba za nyumba ya amonke Achibuda ya Raktamrittika. Ofukula zakale anapeza maziko ake m'zaka za m'ma 1960. Chooneka ndi mizere ya njerwa pa chitunda basi, koma chimasonyeza kuti m'mbali mwa mtsinje umenewu munali likulu zaka zoposa 1,000 Murshid Quli Khan asanabwere.

Mtsinje womwewo ndi umene unaika Murshidabad mu India. Pogawa dziko mu 1947, boma limeneli linali ndi Asilamu ambiri kuposa Ahindu, ndipo anthu ankayembekezera kuti lipita ku Pakistan, moti mbendera ya Pakistan inakwezedwa kwa masiku awiri kapena atatu. Malire a India ndi Pakistan, amene anajambula Mngerezi wina dzina lake Radcliffe, atalengezedwa pa 17 Ogasiti, Murshidabad inaperekedwa ku India, makamaka chifukwa doko la Calcutta linkadalira madzi a Bhagirathi, pamene Khulna, kumene Ahindu anali ochulukirapo, inapita ku Pakistan ndipo lero ili mu Bangladesh.

Nyengo yabwino yoyendera ndi kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale, pamene kunja kumazizirirako, pakuti miyezi ya Epulo ndi Meyi imatentha kwambiri. Amene angapirire kutenthako amapeza mango a mitundu yambiri ochokera m'minda imene a Nawab anayambitsa, kuphatikizapo a Kohitur, osachedwa kufufuma moti amasungidwa pa thonje. Ndipo amene wafika kumapeto kwa nyengo ya mvula, pa Lachinayi lomaliza la mwezi wa Chibengali wa Bhadra, chapakati pa Seputembala, amaona mwambo wa Bera, umene unayamba m'masiku a Nawab oyambirira. Anthu amamanga chiphaka chachikulu cha makungwa a nthochi ndi nsungwi, amaikapo tinyumba tamapepala ndi nyale zambirimbiri, ndipo usiku amachikankhira pa Bhagirathi polemekeza Khwaja Khizr, woyera amene amakhulupirira kuti amasunga madzi. Asilamu ndi Ahindu amadzaza m'magombe onse awiri, ndipo chiphakacho chimayandama chikuwala, kudutsa kumaso kwa Imambara ndi Hazarduari, kulowera kumwera.